Mipando yachikopa ikayamba kumata ngati ulimbo

Okutobala wafika, ndipo ife a m'nyumba za malata zopanda siling'i tayambanso kumangoyang'ana kumwamba kuti dzuwa lipendeka liti. Nyengo ino pali dandaulo lina lomwe limamveka m'makomo ambiri koma silifika m'nyuzipepala, mwina chifukwa anthu amaliona ngati lachibwana. Mipando ya pabalaza, ija timaitchula monyadira kuti yachikopa, yayamba kumata. Ukakhalapo mphindi khumi zokha malaya amakanirira kumsana, ndipo ngati wavala kabudula khungu la m'ntchafu limamatuka ndi kaphokoso kochititsa manyazi pamaso pa alendo. Ena afika potulutsa mphasa n'kumacheza pakhonde, mipando yodula ili phee m'nyumba ngati ya m'sitolo.

Nkhaniyi si yachibwana, abale anga, chifukwa m'mipandomo muli ndalama. Pakati pa ife aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, ambiri masofa timagula pangongole, kaya ya kuntchito kaya ya banki m'khonde, ndipo timabweza kwa miyezi yambiri. Zimawawa kuona katundu ayamba kuonongeka ngongole yake isanathe. Choipa kwambiri n'chakuti njira zambiri zomwe timauzana zothetsera kumataku ndi zimene zimamaliza mipandoyo.

Tiyambe ndi funso lomwe ambiri sitifunsa pogula: kodi chimene chakuta mpandowo n'chikopa chenicheni? Mipando yochuluka yomwe amisiri athu amakhoma m'mphepete mwa misewu, ngakhalenso yambiri ya m'masitolo a m'tauni, imakutidwa ndi lekizini. Dzinali lidachokera ku Rexine, nsalu yomwe kampani ina ya ku England inkapanga kalekale yokutira mabuku ndi mipando ya galimoto, ndipo lero timalitchulira nsalu iliyonse yooneka ngati chikopa. Lekizini ndi nsalu wamba yomwe pamwamba pake adathirapo pulasitiki n'kudindapo timizere tofanana ndi ta chikopa cha ng'ombe. Pulasitikiyo nthawi zambiri amakhala wa mtundu wa PVC, yemweyo wa mapaipi a madzi, kapena wina wofewerako wotchedwa polyurethane. Palinso mtundu wachitatu wonyenga kwambiri: amatenga zinyenyeswa za chikopa chenicheni, kuzipera, kuzimata pamodzi ndi guluu, kenako n'kukuta pamwamba ndi pulasitiki. Wogulitsa akakuuzani kuti muli chikopa sakunama kwenikweni, koma chimene thupi lanu likukhudza ndi pulasitiki basi.

Kuzindikira sikovuta. Pendeketsani mpandowo muyang'ane kunsi, pomwe nsalu adaipinda n'kuikhomera kuthabwa. Mukaona kuti kuseri kwake kuli ulusi wolukidwa, kapena kansalu koyera konga thonje, ameneyo ndi lekizini. Chikopa chenicheni kuseri kwake kumakhala kwamanyunyu, ngati mkati mwa lamba wabwino kapena mwa nsapato ya chikopa. Timizere ta chikopa chenicheni sitifanana malo onse, pena pali kachipsera pomwe ng'ombe idakalidwa ndi minga kapena kulumidwa ndi nkhupakupa, pomwe ta lekizini timabwerezabwereza mofanana chifukwa tidadindidwa ndi makina. Ndiye pali fungo. Aliyense amene adagwirapo ng'oma kapena chikwama cha chikopa amalidziwa fungo lake, ndipo silifanana ndi la ndowa yatsopano. Zoyesera ndi machesi zija zisiyeni, mungaotche nyumba chifukwa cha siponji ili mkatimo.

Tsono kumata kuli pawiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Pali kumata kochokera kwa ife eni, komwe kumachoka ndi madzi ndi sopo. Palinso kumata kochokera m'pulasitiki mwenimwenimo, komwe palibe mankhwala ake.

Koyambako kumachitika motere. Thupi la munthu limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukutalo limagwira ntchito pokhapokha likauma n'kupita mumpweya. Mukakhala pa mphasa, pa mkeka kapena pa mpando wansalu, mpweya umadutsa ndipo nsaluyo imamwa chinyezi. Pulasitiki samwa madzi ndipo sadutsa mpweya, choncho thukuta limatsekeredwa pakati pa khungu ndi mpando, n'kumagwira ngati mmene magalasi awiri onyowa amagwirirana. Anthu okwera minibasi masana pa msewu wa Chikwawa kapena wa Salima akudziwa zomwe ndikunena. Ngakhale chikopa chenicheni cha mipando chimachita zomwezo pang'ono, pakuti chambiri amachipaka utoto ndi kansalu kopyapyala ka pulasitiki pamwamba kuti chisamathimbirire. Thukuta likauma limasiya mchere ndi mafuta a m'thupi. Onjezanipo mafuta odzola, gilisalini, mafuta a m'mutu, manja a ana omwe angodya kumene mandasi kapena mango, ndi fumbi la chilimwe lomwe limalowa ngakhale mutatseka mazenera. Zonsezi zimaunjikana mwezi ndi mwezi. M'nyengo yozizira zimalimba ndipo simuzimva, koma kukatentha zimasungunuka ngati phula. N'chifukwa chake malo oyamba kumata amakhala potsamira mutu ndi poika mikono.

Kwachiwiriko ndi kwa sayansi yomwe ana athu amaphunzira ku sekondale pa mutu wa mapulasitiki, ngakhale sitiwauza kuti ikuchitika pabalaza pa makolo awo. PVC payekha ndi wouma gwa, monga mmene paipi ilili. Kuti afewe n'kumapindika ngati nsalu, opanga amasakanizamo mankhwala onga mafuta, ndipo sathira pang'ono ayi, nthawi zina amafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa pulasitikiyo. Mankhwalawa sagwirana kwathunthu ndi PVC, amangokhala pakati pake ngati madzi m'dothi. Kutentha kumawayendetsa pang'onopang'ono mpaka atulukire pamwamba. Zikatero mpando umamata ngakhale pasakhale munthu, umakoka fumbi, ndipo pakapita nthawi, poti mafuta ofewetsa aja atha mkati, lekizini amauma n'kuyamba kung'aluka m'mapindiko. Wa polyurethane matenda ake ndi ena: chinyezi ndi kutentha zikaphatikizana zimadula timaunyolo tomwe timamugwirizitsa, ndiye amayamba wamata, kenako amasupuka tizidutswa tomwe timakanirira pa zovala za alendo. Madera a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Nkhotakota ndi Karonga, komanso chigwa cha Shire komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndi komwe mipando yotere imakalamba msanga. Izi zikhudzenso amene amagula masofa ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja. Amafika akuwala, koma zaka zawo adadyera kwina, ndipo dzuwa lathu limangomalizitsa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Mungadziwe bwanji kuti mpando wanu uli ndi vuto liti? Sankhani kamalo kamodzi komata, mukatsuke bwino monga ndifotokozere pansipa, mukaumitse, ndipo pasakhale munthu kwa masiku awiri kapena atatu. Mukapeza pali pouma, posalala, thokozani, linali litsiro chabe. Mukapeza payambanso kunyowa mafuta popanda wokhalapo, ndiye kuti pulasitiki wayamba kutuluka thukuta lakelake, ndipo musataye ndalama kugula mabotolo a mankhwala omwe ogulitsa angakulonjezeni kuti abwezeretsa mpandowo mwakale.

Katsukidwe kake n'kosavuta moti ena sakhulupirira. Yambani mwapukuta fumbi ndi kansalu kouma, osaiwala m'makwinya ndi m'mphepete mwa makhushoni momwe mumabisala nyenyeswa za chakudya. Kenako tengani madzi ofunda pang'ono m'beseni, musungunulemo sopo wochepa, wosambira wamba kapena madontho angapo a sopo wamadzi wotsukira mbale. Viikani kansalu kofewa ka thonje, monga malaya akale a mkati, mukafinye mpaka kasamadonthe, ndipo pukutani kachigawo kamodzikamodzi. Tsatizani ndi kansalu kena koviika m'madzi oyera kuti sopo asatsalire, pakuti sopo wotsalira nayenso amamata. Malizani ndi kansalu kouma. Ngati litsiro ndi la zaka, mudzabwereza kawiri kapena katatu, ndipo mudzadabwa mtundu wa madzi otsala m'besenimo. Chitani zimenezi m'mawa kusanatenthe, mazenera ali otsekula, ndipo mpando uumire pamthunzi. Kuutulutsa padzuwa kuti uume msanga n'kuupha. Madzi asalowe m'misoko, chifukwa siponji ikanyowa mkati imachedwa kuuma ndipo imayamba fungo la chuku. M'miyezi yotenthayi kupukuta ndi kansalu konyowa kamodzi pa sabata n'kokwanira kuti litsiro lisaunjikanenso.

Tsopano ndinene za zomwe timapaka, pakuti apa ndiye pali chionongeko chachikulu. Mtima wa munthu umafuna kuti chinthu chodula chiziwala, ndiye Loweruka likafika timatenga chilichonse chonyezimiritsa. Ena amapaka polishi wa pansi, ena wa nsapato, ena mafuta odzola a ana, ena mpaka mafuta ophikira. Tsiku loyamba mpando umawaladi. Koma lekizini samwa kanthu, ndiye zonsezo zimangokhala pamwamba, kudikira dzuwa kuti zisanduke ulimbo. Mafuta ophikira amavunda, amanunkha, amaitana nyerere ndi mphemvu. Polishi wa nsapato amasamukira pa zovala, ndipo mlendo wobwera ndi malaya oyera a kutchalitchi amachoka ndi chizindikiro kumsana. Palinso gulu lina lomwe likaona kumata limathamangira parafini, petulo, sipiriti kapena mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Awa amachotsadi kumata kwa tsiku limodzi, koma amatero posungunula khungu la pamwamba la mpandowo ndi kukoka mafuta ofewetsa aja, choncho mpando umauma n'kung'aluka msanga kuposa mukadausiya. Za ngozi ya moto m'nyumba momwe madzulo timayatsa kandulo sindichita kunena. Sopo waufa wochapira zovala ndi mankhwala oyeretsera zovala nawonso ndi aukali kwambiri, amafwifwitsa mtundu. Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mankhwala ena odzola othamangitsa udzudzu, omwe ali ndi DEET, amasungunula pulasitiki. Mukadzola, dikirani aume kapena yalani kansalu musanatsamire.

Paudala wa ana ena amamutama. N'zoona kuti kuwaza pang'ono n'kupukuta kumachepetsa kumata kwa masiku ochepa, ndipo ngati mukuyembekezera akuchikazi kapena akuchimuna mawa lino, palibe cholakwa. Koma ndi chinyengo cha kanthawi, ndipo akasakanikirana ndi thukuta amasanduka phala m'makwinya.

Amene muli ndi mwayi wa chikopa chenicheni, chisamaliro chake chimasiyana pang'ono. Chikopa chidali khungu la nyama, ndipo chimafuna mafuta ochepa kuti chisaume. Madzi ambiri chimadana nawo, dzuwa lachindunji chimadana nalo. Mukachipukuta monga ndanenera, chipakeni kirimu wopangira chikopa, wopanda mtundu, kamodzi kapena kawiri pa chaka basi. Pakani pang'ono kwambiri, dikirani alowe, kenako pukutani mwamphamvu ndi nsalu youma mpaka dzanja lisamamve mafuta. Chikopa chambiri chomata chimamata chifukwa mwini wake adachikonda mopitirira muyeso, kumachidyetsa mafuta mwezi uliwonse. Chilichonse chatsopano muyambe mwachiyesa kumbuyo kwa mpando komwe sikuoneka. Dzinja likafika mdani wake amasintha, amakhala nkhungu, ndiye mpando usagunde khoma lomwe limachita chinyezi.

Kunena zoona, vuto lalikulu si mpando koma nyumba. Masofa amenewa adapangidwira zipinda zozizira, ife n'kuwaika pansi pa malata omwe masana amatentha moti sungawagwire. Malata akatentha amatumiza kutenthako pansi ngati mbaula yopachikidwa kudenga, ndipo mpando wakuda kapena wofiirira umakumwa konse. Choncho chilichonse chochepetsa kutentha m'chipinda chimatalikitsa moyo wa mpando, ndiponso chimapumitsa eni nyumba. Chotsani mpando pomwe dzuwa la pazenera limagwera, makamaka zenera loyang'ana kumadzulo, kapena ikani katani yokhuthala. Siyani mpata wokwana dzanja pakati pa mpando ndi khoma. Tsekulani mazenera a mbali ziwiri zoyang'anana kuti mphepo idutse, ndipo timabowo ta mpweya tapamwamba pa khoma, tomwe ambiri tidatseka ndi mapepala poopa fumbi, titsekuleni n'kuikapo kawaya koletsa udzudzu. Amene sangakwanitse siling'i ya mabolodi, mphasa za bango kapena nsungwi zolukidwa zokhomedwa kunsi kwa malata zimathandiza kwambiri, bola kuzionetsetsa chifukwa cha makoswe ndi chiswe. Kupaka malata utoto woyera pamwamba kumabweza dzuwa lambiri. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tili m'nyumba za sukulu kapena za lendi momwe sungakhome msomali popanda chilolezo, komabe katani ndi kusuntha mpando sizifuna kalata yochokera kwa wina aliyense. Mtengo wamthunzi kumadzulo kwa nyumba ndiwo mankhwala okhalitsa, ngakhale wodzadya mthunziwo angadzakhale mphunzitsi wobwera pambuyo panu.

Pali chizolowezi china chomwe ndimachiona m'makomo, chosiya pepala la pulasitiki la kusitolo lili chikutire mpando kwa chaka chathunthu kuti uzioneka watsopano. Pepalalo limatsekera kutentha ndi chinyezi, ndipo pena limamatirira pa lekizini moti polichotsa limachoka ndi khungu la mpando. Lichotseni tsiku lomwelo mpando wafika.

Chimene chimathandiza tsiku ndi tsiku amayi athu adachidziwa kale. Tinsalu toluka tija ankayala potsamira mutu ndi poika mikono, ife achinyamata tinkatiseka kuti n'tachikale, koma tinkagwira ntchito yeniyeni: tinkamwa mafuta a m'mutu ndi thukuta, Loweruka n'kuchapidwa. Masiku ano chitenje cha thonje chikhoza kuchita zomwezo pa mpando wonse. Chikhale cha thonje ndithu, pakuti zitenje zoterera za nayiloni zimatenthanso ndipo zimangotsetsereka. Muyambe mwachichapa kawiri kapena katatu, chifukwa utoto wa chitenje chatsopano umalowerera mu lekizini wowala ndipo suchokanso. Telala wa pamsika angakusokereni zovundikira zokwana bwino, zokhala ndi zingwe zomangira kumbuyo, zoti muzivula n'kuchapa. Ena amati kuvundikira mpando wachikopa kuli ngati kugula suti n'kuivalira chikhothi cha mvula. Ine ndimati mlendo amakumbukira mmene adakhalira, osati mtengo wa chomwe adakhalira. Kwa anzanga aphunzitsi ndionjezepo kuti mulu wa makope ochonga kapena nyuzipepala musamazisiye pa mpando womata, chifukwa inki imasamukira pamenepo ndipo kuichotsa n'kovuta. Khanda nalonso lisagonekedwe pa lekizini popanda nsalu yokhuthala pansi. Khungu lake ndi lanthete, limatuluka tiziphuphu ta thukuta msanga, komanso ena mwa mankhwala ofewetsa PVC aja maiko a ku Ulaya adawaletsa m'zidole za ana, ndiye si chinthu choti mwana azinyambita.

Nanga ngati mwayesa n'kupeza kuti pulasitiki wafa? Musataye mpando wonse. Chodula kwambiri pa sofa nthawi zambiri ndi matabwa ndi ntchito ya mmisiri, ndipo ngati matabwawo ndi olimba, osafumbwa, amisiri omwewo amatha kumatula lekizini wakale n'kukutanso ndi china. Apa ndiye poganiza mofatsa. Ngati nyumba yanu ndi yotentha, sankhani nsalu yolimba yokutira mipando, ndipo muwapemphe kuti makhushoni akhale a zipi kuti muzitha kuchapa. Nsalu ili ndi mavuto ake, imamwa tiyi wotayika ndi mkodzo wa ana, imasunga fumbi, ndipo nsikidzi zikalowa m'nyumba zimaikonda. N'chifukwa chake mabanja a ana aang'ono ambiri amasankhabe lekizini, ndipo sindingawanene. Ngati ndi choncho, gulani wokhuthala, wa mtundu wowala osati wakuda, mumupinde ndi zala muone ngati sakusiya mzere woyera, ndipo mufunse mpukutuwo wakhala nthawi yaitali bwanji m'sitolo kapena padzuwa la pamsika. Lekizini amayamba kukalamba ali pa mpukutu, asanakhomedwe pa mpando.

Sindimvetsa chifukwa chomwe timanyozera mipando yathu yolukidwa ndi nsungwi ndi bango, ija imagulitsidwa m'mphepete mwa misewu. Ku South Africa imagulitsidwa m'masitolo apamwamba ndi dzina la dziko lathu lomwe, ndipo imaikidwa m'mahotela ndi m'nyumba za anthu olemera. Kuno timaiona ngati ya pakhonde chabe, yosayenera pabalaza pa munthu wolandira malipiro. Koma pa mpando umenewo mphepo imadutsa kumsana, thukuta limauma, ndipo ukathyoka pena woluka amaukonza tsiku limodzi. Kakhushoni kansalu pamwamba, basi mwamaliza. Achinyamata amene mukukonzekera ukwati chilimwe chino, musanalembetse ngongole ya masofa akuda onyezimira, kakhaleni kaye m'nyumba yomwe mudzalowemoyo cha m'ma 2 koloko masana, mumve mmene mumatenthera.

Lekizini wakale amene mmisiri wamatula musamuponye pamoto wa zinyalala kuseri kwa nyumba, ndipo ana asamutole kukakolezera mbaula. PVC akamapsa amatulutsa utsi wa asidi womwe umaotcha maso ndi m'chifuwa, ndipo ndi woopsa kwambiri kwa ana ndi odwala mphumu. Zidutswa zomwe zikadali zolimba apatseni a kabaza kapena osoka nsapato, amadziwa pozigwiritsa ntchito. Zotsalazo zikulungeni bwino zipite kudzala.